M'mimba mwa Mpongozi Wanga Mutati Zii

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, anamung'amba pamimba chaka chimene tinaleka kugona m'nyumba. Kachewere anali atakhwima m'minda kwathu ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, koma tinkakumba chothamanga, dzuwa likangopendeka aliyense n'kulowera kuchigwa ndi mphasa yake. Mwana wanga wamwamuna anali atatengedwa kale ndi anthu a mfuti. Sanamupeze mwangozi ayi. Alipo wa m'mudzi momwemo amene analoza pakhomo pathu, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi anthu a msinkhu wanga ndimayamba ndawayang'ana zala. Kuchokera pamenepo munthu ndinamutaya. Wondipatsa moni ndinkamufunsa chamumtima kuti wamutuma ndani. Wondigawira ndiwo, ndinkayamba ndalawitsa galu.

Mtsikanayo kwawo kunali ku Chidzolomondo, ku Makanga. Mwana wanga anakamutenga chitengwa nkhondo isanafike kwathu. Pamene pakati pake pankakula, amake anali atabalalika pamodzi ndi anthu ena a kumeneko. Ena ankati ali ku Furankungo, ena ankati anaoloka malire. Choncho pa nthawi imene mwana wamkazi amafuna dzanja la mayi womubala, amene ndinalipo ndinali ine, apongozi ake.

Ulemu wa mwana ameneyu unali wosefukira. Akamandipatsa madzi ankagwada patali, mkono n'kuutambasula mpaka chikho kumanjenjemera. Tikakumana panjira ankapatukira m'udzu, ngakhale udzu wa mame. Sindinamuonepo akutafuna. Ankadyera kuseri kwa nkhokwe, ndipo akamva mapazi anga ankavundikira mbale. Ine zimenezi zinkandikoma kwabasi. Kumadzi ndinkawauza akazi anzanga kuti, "Inu munatola atsikana a kushikola oyang'ana munthu m'maso. Ine ndinapeza mtengwa wolangidwa."

Matenda atamuyamba, mwana anapingasa. Azamba anayesa zawo zonse. Pomaliza anamufunsa, monga amachitira mwana akakana kutuluka, ngati panali mwamuna wina woti amutchule. Ine ndinaima pamutu pake kudikira dzina. Anangopukusa mutu, thukuta lili chuchuchu. Dzina panalibe. Ndiye amuna angapo amene anatsala m'mudzi anamanga machira, tinamunyamula mpaka pamsewu, ndipo kamyau, lole ya asilikali a boma, inatikweza pamwamba pa matumba mpaka ku chipatala cha ku vila, tauni ya dera lathu. Dotolo wake anali wa kutali, wosamva chinenero chathu. Anamulowetsa, chitseko n'kutseka. Atatsegula anandipatsa kamwana kakakazi, kofiira, kamoyo. Make anamutulutsa pambuyo, ali gone ngati mtembo, pamkono atamulumikiza ku garafa, botolo la madzi olowera m'mitsempha amene ankawatcha soro.

Chipinda cha amayi chinali chodzaza. Odwala pa kama, owadikirira pansi pa kama. Namwino wa mmenemo tonse tinkamuitana kuti sinyora enfermera. Anali wamfupi, relojiyo, wotchi yachimuna, ataipachika pachifuwa, ndipo ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, pakuti anagwirapo ntchito pa kachipatala kena ku Makanga asanakatenthe anthu a mfuti a m'thengo aja. Ine sindinamukonde. Chaka cha njala chonchija, iye masaya ali see. Ndinati mumtima, uyu akudya ufa wa odwala.

Mpongozi wanga atatsitsimuka, mawu ake oyamba anali madzi. Ndinatunga m'chikho. Ndisanafikitse pakamwa pake, dzanja la sinyora linali litagwira kale chikhocho.

"Ayi, agogo. Madzi ayi, phala ayi, chilichonse ayi."

"Munthu wabereka, asamwe kanthu? Nanga mkaka uchokera kuti? Kwathu mayi akangochira timam'patsa phala lotentha."

"Kwanu amachira popanda mpeni. Mverani." Anakhala m'mbali mwa kama. "Munthu akalowedwa mpeni pamimba, matumbo amagona. Pali mtsempha wina, osati wa magazi, wochokera kunsi kwa mutu kuno." Anandigwira kunkhongo, ine n'kumuchotsa dzanja. "Umatsika m'khosi, umapatukira pamtima, n'kukathera m'mimba. Kushikola tinkautcha nervu vagu. Ntchito yake ndi kuuza mtima kuti uyende pang'onopang'ono, ndi kuuza matumbo kuti akankhe chakudya. Ukangomva mpeni umachita ngati inu mukamva mfuti. Umathawira kuchigwa n'kukakhala duu. Ndiye mtima umathamanga wopanda woubweza, matumbo n'kuima. Mukathira phala mmenemo lingokhala, mimba ifufuma, ulusi tasokawu uduka."

"Nanga ubwerako liti kuchigwako, mtsempha wanuwo?"

"Ukaona kuti kwachita bata. Chizindikiro chake n'chimodzi. Akaphwisa. Akangophwisa mundiitane, ngakhale mundipeze ndikudya."

Mawu amenewo anawatchula poyera, pamaso pa ine ndi mpongozi wanga, ngati akutchula dzina la ndiwo. Ine ndinayang'ana kukhoma. Mpongozi wangayo anatsinzina, n'kukokera kapulana, chitenje chake, mpaka pamphuno.

Za mtsemphazo sindinazikhulupirire. Koma ulusi ndinauona ndi maso, wakuda, utasoka khungu ngati thumba la nyemba, ndipo ndinaopa kuti ukaduka adzati ndamupha ndine. Ndiye ndinamvera. Ndinkangoviika chala m'madzi n'kumupaka pamilomo, sinyora akayang'ana kumbali.

Chimene ndinakana kumvera ndi cha kutuluka. M'mawa uliwonse, nthawi yoyendera odwala ikakwana, odikirira onse ankawathamangitsira panja. Ine ndinati mundikoke. Khanda losatuluka m'chikuta ndi lozizira, aliyense amadziwa. Munthu wotentha, wochoka kwa mwamuna kapena kwa mkazi, akangoligwira, limatupa n'kufa ndi tsempho. Kumudzi khanda timalitsekera m'nyumba, olowa timawadziwa. Pano panali anthu a mitundu yonse, akazi a asilikali, ogulitsa zinthu, ena osadziwika n'komwe achokera, aliyense kufuna kusuzumira kuti aone mwana wa operasau. Palinso mchombo. Ukagwa m'manja mwa munthu woipa, mwanayo sadzabereka. Ndinayala kapulana yanga pansi, mutu wanga pafupi ndi miyendo ya kama, maso pa mwana ndi pa make. Sinyora anayesa kawiri katatu, kenako anangoti, "Pasiyensiya," ndiye kuti palibe chochita, n'kundileka. Kuchimbudzi kokha ndi kumene ndinkapita, chothamanga, khanda lili kumsana.

Pa kama woyandikana nafe panali mtsikana wopita padera, ndipo womudikirira anali mkulu wake, mayi wa ku Furankungo, wamtali, wamano ofiira ndi fodya wa pakamwa. Pakamwa pakepo sipankatsekeka. Ndi amene anandipatsa dzina la Amilisiya, alonda a mfuti olondera midzi.

"Amilisiya, mwadzuka bwanji? Mdani sanalowe?"

Ine ndinangokonza nsalu ya khanda.

"Tiyeni kumoto anzanga, mukaothe. Mwanayu sabedwa. Ndani angabe pakamwa pena chaka chino?"

"Zikomo, ndili bwino pompano."

"Koma inu! Mpongozi wanuyo mumusiyeko apume. Maso anuwa ngakhale mbuzi singadye msipu."

Akazi ena anaseka. Ine ndinamuyika m'gulu la oyenera kuwapenyetsetsa. Munthu wofuna kuti ndichoke pafupi ndi mwana, akufuna chiyani?

M'mawa sinyora ankabwera, n'kugwira mpongozi wanga pamkono, maso pa relojiyo. "Ukuthamangabe," ankatero. Tsiku lina anatenga chala changa n'kuchiika pomwepo kuti ndimve ndekha. Munkagunda ngati mwa mpheta yogwidwa m'manja. Kenako ankaika kachitsulo kake komvera pamimba, nthambo zake atatseka nazo makutu, n'kumvetsera nthawi yaitali. Masiku oyamba ankati m'mimba muli zii ngati m'mudzi wothawidwa. Pomaliza ankamufunsa funso lake lija, akumutcha mana, ndiye kuti achemwali.

"Mana, mwaphwisa?"

Mwanayo ankayang'ana kudenga. Ine ndinkaona kuti akuchita manyazi, ndipo ndinkayesa ndikumuthandiza pomuyankhira.

"Ayi sinyora. Ine sindinachoke pano. Palibe chimene ndamva."

Ndinkanena mawuwa monyadira, ndisabise. M'mutu mwanga munali zinthu ziwiri zosakumana: ndinkafuna adye, komanso zinkandikoma kuti mtengwa wanga, ngakhale atang'ambidwa, sanadzitaye pamaso pa anthu.

Njala ya munthu wina ndi yolemera ukakhala nayo pafupi. Ine ndinali ndi kachewere wophika amene ndinamanga pansalu, ndi chimanga chokazinga. Popeza sindinkatuluka, ndinkadyera pomwepo, nditatembenukira kukhoma, nditadzifunda kumutu. Chimanga chokazinga sichidyeka mwakachetechete. Ndinkachiika m'kamwa kuti chiyambe chafewa ndi malovu, komabe chinkalira pa mano, ndipo ndinkamva mwana wa eni akumeza mate pamwamba panga. Sanapemphe. Tsiku lina ndinati, "Inu amake mwana, pepani." Anayankha ndi mawu owuma, "Idyani amayi, mungadwale."

Sankagona. Ndikati ndimuyang'ane, ndinkapeza maso ake ali tong'o, ndipo akaona kuti ndamuyang'ana ankayesa kudzikonza, kukoka nsalu, kuphatikiza miyendo, kufuna kudzuka kuti akhale tsonga ngati mmene amakhalira pamaso panga kumudzi. Ndinkati, "Gonani," iye n'kutsinzina mondimvera, koma zikope zikunjenjemera. Ndinkayesa ndi ululu wa bala.

Khanda linkayamwa bere lopanda kanthu. Poyamba linkalira mokweza mpaka odwala ena kudandaula. Kenako kulira kunayamba kuchepa, kumangoti nyee ngati kamwana ka mphaka, ndipo paliwombo panayamba kulowa. Kulira kochepako kunandiopsa kuposa kokwezako. Milomo ya make inang'ambika. Soro nayo inali yoperewera, garafa ikatha pankapita nthawi ina isanabwere.

Ndinamutsatira sinyora pakhomo, mwana ali m'manja. "Onani liwombo ili. Mukufuna afe onse awiri kuti ufa wao mugawane?"

Ndinkayembekeza kuti andilalatira. Anangoti, "Agogo, inenso sindikumvetsa. Matumbo ndayamba kuwamva, akulira pang'ono. Akanayenera kukhala atatulutsa. Koma mimba ikufufuma, mtima sukutsika. Mawa ndiitana dotolo."

Kunacha ndi mvula yowaza ya mphepo, ija yolowa m'mafupa. Chifukwa cha mvulayo odikirira sanawatulutse. Dotolo anabwera, anagogoda pamimba ndi zala, panalira ngati ng'oma. Anafunsa mwa Chipwitikizi, sinyora n'kutanthauzira funso lomwe lija. Mwanayo anayang'ana kudenga. Ine ndinati ayi. Awiriwo analankhulana nthawi yaitali, ndipo m'zolankhula zaozo ndinatolamo mawu awiri: koluna, ndi Tete.

Koluna tonse tinkaidziwa. Magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo amene ankabwerako ankasimba za mafupa a magalimoto opsa m'mbali mwa msewu. Dotolo atatuluka, sinyora anagwada pafupi nane.

"Akuganiza kuti mwina thumbo lapotana kapena lamatirira penapake. Ngati ndi choncho ayenera kutsegulidwanso, ndipo zofunika zake kuno kulibe. Koluna ikamanyamuka, mukwere."

"Munthu wosokedwa pamimba, pa msewu umene uja?"

"Sanaphwise, agogo. Ndichite bwanji?"

Apo ndi pamene mayi wa ku Furankungo uja analavula fodya wake m'kachitini.

"Aaa, koma abale! Ku Tete chifukwa cha chiphwisi? Ndicho mukumumanira phala mwanayu? Sinyora, mwanayu akuphwisa! Si lero ayi. Amilisiyawa akangothamangira kuchimbudzi, iye amatulutsako kakang'ono, fyuu, n'kudzifunda msanga. Akamva mapazi akubwerera amamanganso. Ine ndimayesa mukudziwa!"

Ine magazi anandikwera kumutu.

"Bodza! Mayi inu mwakhala mukutizungulira chifikire. Mukufuna chiyani kwa mwana wanga?"

"Ndifunenji ine? Chiphwisi chakecho ndikagulitse kumsika?"

Wina anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Ine ndinafufuza m'mutu chimene mayiyu angapindule. Tikanapita ku Tete, iye akanatenga kama wathu n'kuleka kugona pansi. Potiletsa ulendo ankadzimana yekha. Phindu sindinalipeze, ndipo kusalipezako kunandiwonjezera chikayiko. Ndinatembenuka kuti mpongozi wanga amutsutse yekha.

Anali atadzifunda kumaso konse. Kapulana inkanjenjemera, ndipo misozi inkatsikira m'khutu. Pakhosi pake, pambali, pankagunda mooneka, msangamsanga.

Sanatsutse.

Akananena bwanji? Mawu amenewo mtengwa sangawatchule pamaso pa apongozi ake, angalole kufa. Ndipo ine ndinali nditayankha kale kuti ayi. Kuti iye anene kuti inde, kukanakhala kunditcha wabodza pamaso pa alendo. Manyazi awiri pa munthu mmodzi wanjala. Ulemu umene ndinkaunyadira kumadzi uja ndi umene unkamufufumitsa mimba, ndipo mlonda wake ndinali ine.

Sinyora sanakweze mawu. "Agogo, tulukani."

Ndinawerama kuti ndinyamule khanda.

"Mwanayo musiyeni. Akhale pa bere."

"Anthu onsewa? Mukudziwa kumene agona?"

Mayi wa ku Furankungo anaimirira, manja m'chiuno. "Anzanga, mwamuna wanga ndinamuika m'manda dzinja lapitali. Ndine wozizira kuposa madzi a ku Tsangano kwanu. Komanso sindimugwira mdzukulu wanuyo. Ndikhala apa, wobwera kudzasuzumira ndimuluma. Pitani."

Sindinamukhulupirire. Ndinatuluka chifukwa panalibenso china chochita. Pakhomo ndinacheuka, sinyora n'kundikankhira kunja ndi chibwano, chitseko n'kutseka.

Kuseri kwa chipatala kunali chisakasa chophikiramo odikirira. Ndinakakhala kumeneko, pamalo pamene chitseko sichinkaoneka, pakuti ndinadziwa kuti ndikachiona ndibwerera. Utsi wa nkhuni zonyowa unkandilowa m'maso. M'mutu munkadutsa zoopsa zokhazokha: dzanja la mlendo pamutu pa mwana, kansalu ka pamchombo katasowa. Koma pansi pa zonsezo panali chinthu china chimene chinkandidya kwambiri. Ndinkamva mawu anga omwe, m'mawa ndi m'mawa, akuti ayi sinyora, ine sindinachoke pano. Ndinkamva chimanga chija chikulira pa mano anga. Ndinakumbukiranso mmene ndinaimira pamutu pake kudikira dzina la mwamuna. Mwana wa eni, wopanda make, wopanda mwamuna, ndipo munthu yekhayo amene anatsala naye ndi amene thupi lake linkamuopa kuposa mpeni.

Mayi wina amene ankaphika nyemba anandifunsa ngati ndaferedwa. Ndinati ayi, ndi utsi.

Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yotalika bwanji. Mvula inadukiza, n'kuyambanso. Kenako kuchokera m'chipinda muja kunamveka phokoso, kuseka kwa akazi ambiri, wina n'kuimba nthungululu. M'chipatala cha nthawi ya nkhondo nthungululu sizinkamveka. Zenera linatseguka, n'kutulukira mutu wa mayi uja.

"Amilisiya! Mzinga walira kuno, mdani wathawa! Tinamutembenuzira chammbali, sinyora n'kumusisita, ndiye eee, ngakhale asilikali kumsika adzidzimuka. Ikani mphika pamoto!"

Ndinaphika phala la madzimadzi, losefa, monga anandiuzira sinyora, loti likhoza kudutsa pansalu. Pofulumira ndinadzitentha. Nditalowa, choyamba ndinayang'ana khanda. Linali pa bere, kansalu ka pamchombo kali pomwepo mmene ndinamangira. Make anali atamutsamiritsa kukhoma. Nkhope inali yomasuka mwa mtundu umene sindinauonepo, koma atangondiona inabwerera mwakale, dzanja n'kuyamba kufunafuna nsalu.

Ndinagwada, ine apongozi, n'kumupatsa chikho. Anachilandira ndi manja awiri. "Zikomo amayi." Anachigwira. Nthunzi inkamufika kumaso, kukhosi kwake kukuyenda, koma chikho chili m'manja. Ndinati, "Imwani, chingazizire." Anati, "Inde amayi," chikho osasuntha.

Mayi wa ku Furankungo anangondiyang'ana, n'kuyang'ana kuchitseko.

Ndinatulukanso.

Koluna ija inanyamuka popanda ife. Sindinafunse kuti inafika bwanji. Mkaka unabwera pang'onopang'ono, ndipo liwombo la mwana linadzaza. Ine ndinasamutsira kapulana yanga pakhonde. Ndinkalowa kukasintha matewera ndi kukapereka chakudya, n'kutuluka. Kugona sindinkagona, ndinkakhala moyang'ana aliyense wolowa, koma kunja kwa chitseko. Sinyora podutsa m'mawa wina anandiuza kuti, "Mtima watsika, agogo. Wagona mpaka kuliza mkonono." Ndinafuna kufunsa ngati masiku anjala aja adzamusiyira chilema, iye kapena mwana. Sindinafunse. Ndinaopa yankho, komanso ndinaopa kuti andinamiza pofuna kundisangalatsa.

Tsiku loyamba kumuimiritsa mpongozi wanga, anangoti waima, maso n'kuyera, n'kugwera m'manja mwa sinyora. Ine ndinakuwa kuti wafa. Sinyora anamugoneka, n'kumukweza miyendo, mwanayo n'kutsegula maso. "Ndi mtsempha womwe uja," anatero. "Wabwerako kuchigwa koma sunakhazikike. Pena umagwira mtima mopitirira, magazi n'kuchoka kumutu. Kumudzi azidzuka pang'onopang'ono, ayambe wakhala tsonga. Asasenze mtsuko. Ndipo inu muzimupatsa mpata." Mawu omalizawa anawanena akumanga mkono wa wodwala wina, osandiyang'ana.

Mayi wa ku Furankungo anatuluka tisanatuluke ife. Potsanzika anandigawira fodya pang'ono pa tsamba. Ndinalandira, ndinathokoza, ndipo atapita ndinakamutaya kuseri. Ndinadziwa kuti mayi ameneyu ndi amene anatipulumutsa ku msewu wa ku Tete, koma dzanja linakana kufikitsa fodyayo pakamwa. Dzina lake sindinafunse. Zimenezinso zimandikhala pamtima.

Kubwerera kumudzi kunali kubwerera kuchigwa. Mpata umene ananena sinyora unali wovuta kuupeza m'kamsasa ka udzu kokwana anthu awiri ogona mopinda miyendo. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuyang'ana pakhosi pa mpongozi wanga. Akakhala yekha akuyamwitsa, ine ndikumuonera patali pakati pa mitengo, pakhosipo pankakhala bata, mapewa atagwa, nthawi zina akuimbira mwana chapansipansi. Ndikangoyandikira n'kuponda tsamba louma, msana unkawongoka, nyimbo n'kuduka, pakhosi n'kuyamba kugunda. Mfuti zikalira kutsidya kwa phiri ankachita chimodzimodzi. Ndinaziona kambirimbiri, ndipo sindinapeze kusiyana.

Ndiye ndinamanga kamsasa kanga padera, pamwamba pang'ono, pamene ndinkaona njira yotsikira kuchigwa koma osaona mkati mwa kake. Anthu ankati agogo aja ayambana ndi mtengwa wao. Ndinawaleka anene. Kukomoka kuja kunamuchitikanso kangapo, makamaka akadzuka modzidzimuka, kenako kunatha. Pamene tinkaoloka malire pothawa nkhondo ndi anthu ena onse, anayenda yekha, mwana kumsana, ine patsogolo.

Mwana wanga sanabwerere. Nkhondo itatha, abale a mtsikanayo anapezeka, n'kubwera kudzamutenga kuti abwerere ku Chidzolomondo. Anakana. Anati amayi atsala ndi yani. Ndinamva ndili kuseri kwa nyumba, ndipo m'malo mokondwa ndinamva ngati andisenzetsa mwala.

Mdzukulu wanga uja anakula, ali ndi ana ake. Ndi wamfupi, wochepa thupi kuposa anzake onse a chaka chimenecho. Anthu amati anatengera kuchimuna, kwa ine, poti inenso sindinatalike. Mwina n'zoona. Ine ndikamuona ndimaona liwombo lolowa lija.

Nkhani imeneyi ine ndi make sitinaikambepo. Tingaiyambe ndi mawu ati? Iye tsopano ali ndi imvi, komabe amadyera kuseri, ndipo tikakumana panjira ya kudimba amapatukabe, ngakhale ndinamuuza kuti aleke. Chaka chatha anadwala m'mimba, anagona masiku angapo. Ndinaphika phala, ndinafika pakhomo pake, ndinatsokomola kuti adziwe kuti ndine, ndinaika mphika pakhonde n'kuvundikira. Anaitana kuchokera mkati, "Lowani amayi." Ndinati ndikuthamangira mbuzi. Mbuzi zinali m'khola. Ndinakakhala pa chulu cha kumunda, pamene njira yonse yolowera pakhomo pake imaoneka, mpaka ndinaona dzanja likutuluka pachitseko n'kukokera mphika uja mkati.